Ng'oma ya Odikira pa Doko la Chanyanya

Wambani ng'oma, anyamata, zikopa zikungike. Matani phula pamimba pa mbalule kuti mawu atsike. Mpanje akhale kumanja, gunda agwire pansi, manja a amayi adzaze pamene ng'oma yapumira. Lero sitikuombera mfumu, sitikuombera mlenje, sitikuombera mwini maboti khumi. Lero bwalo ndi la wodikira. Gu! Gu-gu! Gu!

Tiyambe tagogoda kwa eni ake. Odi kwa Asoli a kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, eni mtunda uno. Odi kwa Abatwa, oyamba kutsegula tinjira ta m'bango, amene ankalasa milamba muno mlatho wa sitima wa 1906 usanagone pa Kafue. Odi kwa Aila ndi Atonga, eni ng'ombe zosambira, eni namalwa wobangula, akatswiri a kuyabila, poti munthu amaima yekha n'kutchula ng'ombe zake ndi zowawa zake mpaka mtima upepuke. Odi kwa Alozi, Abemba ndi Aluvale, amene munadza ndi maukonde pamapewa. Nafenso a kum'mawa tilipo, a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe, tabwera ndi ng'oma zathu. Tipatseni malo.

Ndinu, mayi. Ndinu Chiimire-padoko, Maso-kumadzi, Khutu-kumphepo. Ndinu Msungamoto, wofukula khala m'phulusa tambala asanalire. Ndinu wophika ya awiri n'kudya nokha, wovundikira mtanda winawo mpaka usanduke mkute. Ndinu wodziwa injini iliyonse ndi katsokomoledwe kake, wosiyanitsa kapalasidwe ka bambo a ana anu ndi ka alamu anu bwato lisanatulukire m'namasupuni. Ndinu wokwera pachulu ndi foni m'manja kusaka netiweki, wowerenga masiku ndi kutsika kwa ufa m'thumba. Apongozi akafunsa kuti, "Kodi anzanu aja aimba?" inu mumati, "Aimba, amayi, ali bwino," chikhalirecho foni yakhala duu sabata yonse. Ombani m'manja! Wodikira akudutsa!

Obwera ndi makamera pano amajambula mulu wa chambo padoko, amajambula mipope ikuluikulu yothirira imene imazungulira m'minda ya tirigu, amapitirira ku Blue Lagoon ndi ku Lochinvar kukajambula lechwe ndi mbalame. Inu mumagwera m'mphepete mwa chithunzi, theka la nkhope, beseni pamutu. Zimenezi zimandiwawa, n'chifukwa chake ng'oma iyi ndikuiwolotsa nyanja yamchere. Kuli dziko kumene amisiri anakhala pansi zaka mazanamazana, agogo, atate, ana ndi adzukulu, osatopa kujambula mkazi amene wokondedwa wake palibe. Anamupatsa pepala lonse. Mwamunayo anamusonyeza ndi pilo wosagonedwa, khomo lotsegula, kanjira koyera kokwera phiri popanda woyendamo.

Lira, mbalule, tchula amisiri a ku India! Inu a ku Mewar, a ku Bundi, a ku Kishangarh, m'dziko louma la Rajasthan. Inu a m'mapiri a kumpoto, a ku Basohli pa mtsinje wa Ravi, a ku Guler ndi Kangra m'chigwa cha Beas. Okhala pansi mopinda bondo, thabwa pantchafu. Omata mapepala atatu kapena anayi kuti likhale limodzi lolimba, nthawi zambiri losaposa tsamba la kope la kusukulu. Ometa mchira wa gologolo n'kumangirira ubweyawo kunthenga, burashi yothera pa katsitsi kamodzi kojambulira nsidze. Opera mwala wabuluu wochokera ku mapiri a Afghanistan, osungunulira utoto m'zigoba za nkhono zam'madzi ndi utomoni wa mtengo. Chikasu chawo choyaka chija akuti chinkachokera mumkodzo wa ng'ombe zodyetsedwa masamba a mango okhaokha; Aila, mwamva zimene ng'ombe imatha? Chakuda ankachipala ku mwaye wa nyale. Imani pamenepo, oomba ng'oma, mubwereze: mwaye wa nyale! Tsitsi la mkazi wochezera usiku analijambula ndi utsi wa nyale yochezera usiku. Akapaka utoto ankalivundikira pepalalo pamwala wosalala n'kulikhula kumsana ndi nkhulungo, monga amachitira amayi athu ndi mbiya, mpaka liwale. A ku Basohli ankadula timapiko tobiriwira ta zikumbu n'kutimata pakhosi pa mkaziyo kuti mikanda yake inyezimire.

Anthu amenewa ankajambula ngakhale nyimbo. Maimbidwe aliwonse anawapatsa thupi ndi nkhope, zithunzi zake n'kuzitcha Ragamala. Nasiruddin anajambula zake ku Chawand mu 1605, Sahibdin zake mu 1628. Mmenemo ndimo muli Todi, mkazi woyenda yekha m'tchire ndi zeze wamkulu wa zikho ziwiri, wokondedwa wake kulibe, agwape okha ndiwo atuluka kudzamvetsera. Iwo anaika nyimbo papepala, ife tikuika pepala pang'oma. Tikumana pakati pa mtsinje.

Buku lawo lakale la magule ndi zisudzo, Natya Shastra, linawerenga akazi asanu ndi atatu a m'chikondi, ndipo mwa onsewo mmodzi yekha ndiye ali ndi mwamuna pambali pake womumvera. Otsalawo ali pa kudikira, pa kukwiya, pa kunong'oneza bondo, pa kulondola. Wowerenga motero anali ataona moyo. Bhanudatta anawaimba mu Rasamanjari, Devidasa n'kuwajambulira Raja Kirpal Pal wa ku Basohli, ntchito yotha mu 1695, kumbuyo kwawo kuli chikasu ndi kufiira kopsa. Keshavdas wa ku Orchha, pa mtsinje wa Betwa, anawaimbanso mu Rasikapriya mu 1591, ndipo mabwalo a mafumu ambiri anafuna buku limenelo lili ndi zithunzi.

Mwa asanu ndi atatu aja, tulukani, Vasakasajja, Woyala-kama, Wosesa-kawiri! Mwafukiza lubani, mwamwaza maluwa pogona, mwaima pakhomo dzanja lagwira mphuthu. Kuno tikukudziwani. Ndinu amene mwamva kwa ogula nsomba kuti a kumsasa wakutiwakuti atuluka Loweruka, ndiye mwazira nyumba, mwachapa bulangete, mwatenga sopo wonunkhira pangongole, mwamanga mikanda m'chiuno, ana mwawauza kuti akagone kwa agogo awo. Loweruka lafika, dzuwa lapendeka, lamira m'dambo. Maboti akocheza anayi, lachisanu kulibe. Pamenepo dzina lanu lasintha, mwasanduka Vipralabdha, wovula zibangili n'kuzitaya pansi poti wovalira sanabwere.

Koma mpando waukulu ndi wanu, Proshitabhartruka, inu amene mwamuna sanakukaneni, sanakunyozeni, anangopita kukasaka. Amisiri a m'mapiri anakukhazikani pakhonde loyera, mutu wagwera pachikhatho, zibangili zikutsetsereka pamkono woonda. Mwezi umene ena akuuyamikira, inu ukukuwotchani. Anzanu akukupakani zoziziritsa za mtengo wa sandal, akukupizani ndi masamba a maluwa a padziwe, kutentha osatsika. Pakhoma pali timizere ta masiku. Padenga patera khwangwala, inu mukumunyengerera kuti ngati mwini nyumba ali m'njira auluke, mudzamudyetsa zonona. Nanga uyo waima pambali panu ndani? Mnzanu uja, wa ponda apa nane m'pondepo, wonyamula mauthenga, wokudzudzulani mukanyanya kulira, wokukakamizani kudya. Nayenso muombereni: Gu! Pakanapanda iyeyu odikira ambiri akanapenga.

Dzina la Proshitabhartruka agogo athu analivala zaka zambiri osadziwa kuti kwina lili ndi chithunzi. Amuna ankatsika wapansi kupita ku Halale ndi ku Wankie, ena pa magalimoto a Mthandizi, ena pa ndege za Wenela kupita ku Joni, ena kulowera ku Kabwe ndi ku migodi ya mkuwa. Wina ankabwera ndi njinga ndi sutikesi. Wina ankatumiza bulangete kamodzi, kenaka zii. Wina anatchona, dzina lake n'kumangomveka pamaliro powerenga abale amene palibe. Akazi analibe pepala la amisiri la ku Sialkot, analibe golide wopera. Anali ndi mtondo ndi munsi. Chisoni chawo ankachijambula mumphepo, awiri akusinja molandizana, wina kuponya mawu wina kuwalandira. Hugh Tracey atayenda ndi makina ake ojambulira mawu m'zaka za m'ma 1950 anatolako nyimbo zina za pamtondo, zambiri zinapetedwa pamodzi ndi gaga. Tamandani a Naphiri, tamandani a Nabanda, olima okha munda wa awiri, ofolera okha denga, otcha okha dzina mwana wobadwa bambo ali pansi pa nthaka ya eni. Ndipo tsitsani manja, ng'oma igunde pansipansi, chifukwa cha aja anayala mphasa mu Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inanyamuka pa Francistown kubweza amuna kwawo n'kugwa isanapite patali, Amalawi 74 n'kuthera pomwepo. Mphasazo anazipinda ndani?

Radha, Mayi-wa-odikira, wa m'mphepete mwa Yamuna! Jayadeva anakuimbani m'zaka za m'ma 1100 mu Gita Govinda. Manaku wa ku Guler anakujambulani mu 1730, ana a m'banja lomwelo n'kubwerezanso cha m'ma 1775: mitengo ili maluwa okhaokha, mtsinje ukupindika, mbalame zili ziwiriziwiri, inu mwakhala nokha pamasamba. Krishna wanu, woweta ng'ombe, mwini chitoliro, tsiku lina anakwera galeta la Akrura kupita ku Mathura. Kuchoka ku Vrindavan kufika ku Mathura makilomita sapitirira 15, mtunda woti wa njinga apita m'mawa n'kubwerako nsima ya masana isanapse. Sanabwerere. Anatuma Uddhava ndi mawu anzeru, oti mitima ikhale pansi poti iye ali paliponse. Akazi a ku Vrindavan anamusiya mthengayo ali chikhalire, anatembenukira bemberezi amene ankazungulira pamapazi n'kumukalipira iyeyo, wakuda, wotera duwa ili n'kuthawira lina. Amisiri analijambula bwalo limenelo: mthenga wakhala ndi nzeru zake, amayi akuloza kachilombo. Ndimawakonda amayi amenewo. Aliyense amene analandirapo mawu m'malo mwa munthu, "akuti musadandaule, abwera zinthu zikayenda," akudziwa chimene bemberezi analakwa. Kwa Ahindu nkhaniyi ndi ya mzimu wa munthu wolakalaka Mulungu wake, ndipo amati chikondi cha wosiyidwa chimafika pamene cha wokhala naye pafupi sichifika. Ulemu umenewo tikuuvomera, koma ufike ndi kwa mayi wa pa Chanyanya, amene kulakalaka kwake kuli ndi ana anayi ndi fizi ya sukulu.

Tsopano fulumizani manja! Mbalule athamange! Akubwera Abhisarika, Wosadikira, Mponda-njoka, Mng'amba-mdima! Usiku wa mwezi wavala zoyera kuti asaoneke m'kuwala, usiku wamdima wavala zakuda. Mvula ikukhuthuka, mphezi yalemba mzere wagolide kumwamba, njoka yamukulunga pakakolo, mizukwa ikusuzumira m'mitengo, chibangili chagwera m'matope, iye osacheuka. Pa Kafue timamuona m'mawa uliwonse. Ndi mayi wokwera boti ndi thumba la mchere, ufa, mafuta ophikira ndi ayezi m'bokosi, kulowera kumisasa ya m'kati mwa dambo. Mvuu yafwenthera kutsogolo, ng'ona yatsetsereka pagombe, namasupuni watseka njira, woyendetsa wazimitsa injini akukankha ndi mtengo. Iye wakhala pa beseni lake, ndalama wamanga kunsonga ya chitenje. Akagula chambo ndi milamba, zina awamba, zina akwirira m'ayezi, mawa lake ali pa Soweto ku Lusaka akuitanira malonda. Wina akupita kukagula, wina akupita kukaona ndi maso ake ngati mwamuna akadali wake, ambiri akupitira zonse ziwiri. Ndipo iye akakhala pamadzi, kumudzi kwatsala bambo akusuzumira njira ya kudoko, mwana akulira m'manja.

Pakuti odikira si akazi okha. Tamandani msodzi, Mgona-pachinyezi, Ndiwo-ya-udzudzu, wotchera madzulo n'kuvuula m'bandakucha, zala zong'ambika ndi twaini, wopeza nsomba zake zitadyedwa muukonde ndi nkhanu za ku Australia zimene zadzaza mtsinje uno. Usiku amagona chagada m'chisakasa, batire la foni latha, akuganiza ngati mwana wodwala uja wadya. Amisiri sanamuiwale mwamuna wosweka mtima. Anajambula Rama atakhala paphiri la Prasravana ndi mng'ono wake Lakshmana dzinja lonse, mitambo yakuda pamutu, mkazi wake Sita atabedwa, ngwazi ya uta ili manja lende kufikira mvula itakata.

Ng'oma siinama, ndiye tinene ndi izi. Alipo Khandita, Wofiira-maso, amene mwamuna wamufikira kutacha, zikope zolemera, pamlomo pali utoto wakuda wa m'maso mwa mkazi wina, pamphumi utoto wofiira wa kumapazi kwa wina. Amisiri anamujambula atayang'ana kumbali, pena atamugwirira galasi mwamunayo kuti adzione yekha. Kuno zizindikiro zake ndi zina: nambala yachilendo m'foni, mpango wosadziwika m'chikwama, ndalama ya nsomba yofika itaperewera. Tonse tikudziwa zimene zachitika m'misasa ya dambo lino, kumene nsomba zikachepa ogula n'kuchuluka, mtengo wina umatchulidwa usiku. Tikudziwa matenda amene anatsata njira imeneyo, manda amene anawonjezeka, mzere wa kuchipatala wolandira ma ARV. Pepala la ku Kangra silinafike pamenepo. Mafumu olipira amisiri ankafuna chisoni chokongola, cha mkazi wa pakhonde la miyala yoyera, adzakazi akumukupiza. Wathu alibe womukupiza. Akulira uku akupala mamba, akulira uku akuwerengera ya chilimba. Komabe amisiriwo sindiwalanda ulemu. Anaona kuti kudikira ndi ntchito yolemera, ndipo woigwirayo anamuveka dzina, anamupera golide.

Khalani chete, gunda yekha alankhule, tafika pa Sohni. Mwana wa woumba mbiya wa ku Gujrat, m'dziko la Punjab, pa mtsinje wa Chenab. Anamukwatitsa kwa amene sanamufune, mtima wake uli tsidya kwa Mahiwal, mlendo wa ku Bukhara amene anataya malonda ake n'kukhala woweta njati chifukwa cha iye. Usiku ndi usiku Sohni ankatenga mtsuko wowotcha umene ankaubisa patchire, n'kuuvundikira pamadzi, chifuwa pamtsuko, miyendo ikupalasa. Amisiri a m'zaka za m'ma 1700 anachikonda kwambiri chithunzi chimenechi: madzi otuwa adzaza pepala, mkazi ali pakati penipeni, tsidya Mahiwal wakhala ndi njati zake, mbali ino munthu wa mapemphero ali pakhomo pa kanyumba kake, kamoto kakufuka. Tsiku lina mlamu wake wamkazi anamulondola, anaona pobisapo, anachotsa mtsuko wowotcha n'kuikapo wauwisi. Amayi oumba, inu mukudziwa: mbiya yakupsa mukaigogoda imati ngwee, yaiwisi imangoti phu. Mwana wa woumba sakanalephera kulizindikira dothi losapsa m'manja mwake, ngakhale mumdima wa ndiwe yani. Anadziwa. Mtsinje unali utasefukira. Analowabe. Dothi linayamba kufewa pansi pa chifuwa chake, khosi la mtsuko linatsalira m'manja, kenaka m'manjamo munatsala matope. Mahiwal anamva kufuula n'kudziponya m'madzi. Chenab anawatenga onse awiri.

Sohni, Mkwera-dothi, Wosabwerera-pagombe! Pa Chanyanya sitifunsa ngati zinachitikadi. Timalidziwa bwato lochucha, lomatidwa ndi phula ndi nsanza, lodzaza kupitirira muyeso chifukwa wina sakanatha kugona usiku winanso kutali ndi kwawo. Timaidziwa mphepo ya Julayi ikautsa mafunde pathamanda. Timawadziwa amayi okhala pagombe masiku atatu, mipango m'chiuno, kudikira kuti madzi abweze munthu. Amenewo muwaombere osathamanga. Gu. Gu. Gu.

Amisiri ambiri sanalembe maina awo pa ntchito yawo, ndipo akanaiwalika pakanapanda B. N. Goswamy, amene anatisiya mu 2023. Iyeyu anapita ku Haridwar kukavundukula mabuku a ansembe olemba mibadwo ya anthu odzataya phulusa la akufa awo mumtsinje wa Ganga, n'kupezamo mtundu wathunthu. Tiwatchule monga timatchulira makolo pothira nsembe! Pandit Seu, tsinde. Manaku, mkulu. Nainsukh, mng'ono, amene mu 1763 anatsikira ku Haridwar ndi phulusa la mbuye wake Balwant Singh wa ku Jasrota n'kulemba m'bukumo ndi dzanja lake. Fattu ndi Khushala, ana a Manaku. Kama, Gaudhu, Nikka ndi Ranjha, ana a Nainsukh. Ndi inu Sansar Chand wa ku Kangra, mfumu yosonkhanitsa amisiri. Lero masamba a buku limodzi anabalalika, lina ku Chandigarh, lina ku New Delhi, lina ku London, lina ku Zurich, nawonso anatchona.

Ndipo musati za ku India zili kutali nafe. Mu 1451, ku Ahmedabad m'dziko la Gujarat, anajambula Vasanta Vilasa, nyimbo ya nyengo ya maluwa ndi ya okondana osiyana n'kukumananso, osati papepala koma pansalu yaitali mamita 11, imene lero ili ku Washington. Ku Gujarat komweko ndiko kunachokera makolo a Amwenye ambiri a ku Chipata ndi a ku Kamwala, amene m'masitolo awo amuna obwera kunsomba amagulamo chitenje chopepesera. Tauni yathu ya Kafue inali ndi fakitale yakeyake yosindikiza zitenje, Kafue Textiles, ndipo amayi akuluakulu akuikumbukabe nsalu yake. Nsalu timaidziwa, khoma timalidziwa, utoto timaudziwa. Inu anyamata olemba maina pamaboti, inu ojambula mitu pakhoma la ometa ndi mabotolo pakhoma la bala, dzanja muli nalo. Mayi uja ali padoko m'mawa uliwonse, sabisala. Muyikeni pakati, mumusiyire mpata kumanja kwake pamene pakanaima munthu.

Keshavdas yemwe uja, mu Kavipriya ya 1601, anayenda ndi miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mwezi uliwonse mkazi ali ndi chifukwa choletsera mwamuna ulendo: uno kwatentha, uno mitsinje yadzaza, uno ndi wa zikondwerero, uno kukuzizira. Palibe mwezi woyenera kusiyana. Amisiri a ku Bundi ndi ku Kota anajambula mwezi ndi mwezi, nyama zothawira mumthunzi m'chilimwe, mapikoko ovina mitambo ya mwezi wa Shravan ikadza. Kwa iwo dzinja ndilo mpeni, poti apaulendo amabwerera mvula isanatseke njira, ndiye amene wake sanafike amadzidzimuka ndi bingu lililonse.

Nafenso miyezi yathu tili nayo, koma anatilembera ndi madamu ndi boma. Chitsekereni Kafue Gorge mu 1971 ndi Itezhi-Tezhi mu 1977, madzi a dambo lino samvera mwezi wokha, amamveranso magetsi. Chigumula chimakwawa pang'onopang'ono m'dambo la makilomita oposa 200 n'kutifika mvula itatha kale, Epulo ndi Meyi, misasa ina itamira, amuna atasamukira pazulu. Juni ndi Julayi, chisanu cholowa m'mafupa, bulangete lina lili kumsasa lina kumudzi, onse awiri akunjenjemera. Madzi akaphwa abusa nawo amatsitsa ng'ombe kumsipu wa kudambo, midzi ya kumtunda n'kutsala ya amayi ndi nkhalamba. Okutobala, dzuwa loswa mtengo, nsomba zoonongeka zisanafike pamsika, mkazi wogona panja pamkeka akuwerenga nyenyezi ndi ngongole. Kenaka pa 1 Disembala a zausodzi atseka mtsinje kuti nsomba ziswane, mpaka kutha kwa Febuluwale. Maukonde apachikidwa, amuna atuluka m'bango, nyumba zadzaza mawu aakulu. Ndiyo miyezi ya mphasa yofunda, ndiyonso miyezi ya ndiwo zamasamba ndi mikangano ya ndalama. Walira mvula walira matope. Ena sapirira, amazemba usiku ndi kaukonde, mkazi n'kutsala ndi mantha awiri, a ng'ona ndi a olonda mtsinje. Ambiri amakhala, kulima kamunda, kusoka maukonde pakhonde, kudziwananso ndi mwana amene anamusiya akukwawa n'kumupeza akuthamanga.

Nayo 1 Malichi! Dzukani nonse, mbalule, mpanje, gunda, zonse pamodzi! Doko lawira kusanache. Zigubu za petulo, matumba a ufa, mitolo ya nkhuni, mawailesi, nkhuku yomangidwa miyendo, anyamata akukuwa kuitana anzawo, injini ikukana kulira mwini wake akuitukwana. Chiimire-padoko wafika, Msungamoto wafika, Woyala-kama wafika, Mponda-njoka wakwera kale ali pa beseni lake! Nthungululu, amayi!

"Bambo ake, mankhwala anu mwatenga?"

"Ndatenga."

"Neti ya udzudzu?"

"Ili m'thumbamo."

"Fizi ya mwana musachite kuti ndikutumireni munthu. Ndipo foniyo muzitchaja, kumeneko sola iliko, musandinamize."

"Ndamva, make mwana. Gwirani chingwecho, ponyani kuno."

Kankhani! Loyamba latuluka! Lachiwiri lisendere!